Ufa wa udzu wa m'nyanja ndi mtovu wa ku Kabwe: kodi zosterin angathandize mwana?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Mchinji amene amaphika jamu wa malambe ndi wa papaya n'kumagulitsa. Alemba motere: "Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ku Kabwe ku Zambia, amakhala ku Makululu. Mdzukulu wanga wa zaka zinayi amangodandaula m'mimba ndipo kudya sakudya bwino. Anthu akuti mwina ndi mtovu wa ku mgodi. Pa gulu lathu la WhatsApp wina akutsatsa ufa wochokera ku Russia wotchedwa zosterin, akuti ndi pekitini wa udzu wa m'nyanja ndipo amakoka mtovu wonse m'thupi. Ine pekitini ndimadziwa wa jamu. Kodi ndi yemweyo? Ndigule? Nanga sitingapange tokha kuchokera ku namasupuni?"

Mayi, popeza nkhaniyi ikukhudza mwana, ndiyambe ndi zimene muyenera kuchita sabata ino. Ufawo musathamangire kugula. Ndalamayo itumizeni ku Kabwe, mwana apite naye kuchipatala akamuyeze mtovu m'magazi. Zosterin aliko ndithu, wotsatsayo sanapeke dzinalo, ndipo ine amene ndakalambira m'kalasi ndikuphunzitsa sayansi ya zakudya ndimamuwerengera pakati pa zinthu zochititsa chidwi zimene zomera zimapanga. Koma zimene amachita m'botolo la mu labu ndi zimene angachite m'thupi la mwana wa ku Makululu n'zotalikirana, ndipo kuti muone pamene pali kusiyana tiyambire pa poto wanu wa jamu.

Pekitini ndi ulimbo umene umamatiriza tizigawo ta chomera kuti tigwirane. Papaya wamuwisi ndi wolimba chifukwa ulimbowu udakali wathunthu. Akamapsa umaduka pang'onopang'ono, n'chifukwa chake papaya wakupsa kwambiri amangoti phwata m'manja ndipo jamu wake sagwira. Amene anayamba kuupatula ndi kuupatsa dzina anali Henri Braconnot wa ku France mu 1825. Umene mumagula m'sitolo, kapena umene mumauona utalembedwa E440 pa botolo la jamu kapena yogati, pafupifupi wonse umachokera ku makoko a mandimu ndi malalanje komanso ku zotsalira za maapozi akafinya madzi.

Mukanatha kumuona pekitini ndi maso, akanaoneka ngati chingwe chachitali cha mikanda. Mkanda uliwonse ndi mtundu wina wa shuga wowawasa wotchedwa galacturonic acid, ndipo uliwonse uli ndi kambedza kake. Nkhani yonse yagona pa timbedza timeneti. Mu pekitini wamba wa mandimu ndi maapozi, timbedza toposa theka n'tovala tizisoti, choncho sitikola kanthu. Kuti zingwezo zilukane jamu agwire, pamafunika shuga wambiri, woposa theka la kulemera kwa jamu yense, ndiponso kuwawasa. Ndicho chifukwa mumafinyiramo ndimu. Mu zosterin zinthu n'zosiyana: timbedza tovala zisoti sitifika ngakhale kamodzi pa khumi alionse. Tonse totsalato n'tapoyera, tikudikira chokola. Chimene timakola bwino ndi tizitsulo tosungunuka m'madzi monga kashiamu, mtovu, cadmium ndi mercury. Kachitsulo kamodzi kamagwidwa ndi timbedza ta zingwe ziwiri nthawi imodzi, n'kukhala pakati ngati dzira mu thireyi ya mazira, ndipo zingwezo zimamangana.

Izi ndimakonda kuonetsa ophunzira anga ndi pekitini wa timbedza tapoyera. Timamusungunula m'madzi ofunda mpaka aoneke ngati madzi a therere, kenako timadontheza dontho limodzilimodzi m'tambula ya madzi a kashiamu. Dontho likangogwera, nthawi yomweyo limasanduka kambulu kofewa konyezimira, kamene ungathe kukatola ndi sipuni n'kukagubuduza pachikhatho. Shuga palibe, moto palibe. Kalasi yonse imayamba kaye yati zii, kenako aliyense amafuna kudontheza yekha. Chimene kashiamu wachita m'tambulamo, mtovu umachichita mwamphamvu koposa, chifukwa timbedza timeneti timaukonda mtovu kuposa kashiamu. Apa ndi pamene otsatsa aja atenga nkhani yawo, ndipo mpaka apa sananame.

Udzu wake dzina lake ndi Zostera marina. Si ndere ayi. Ndi chomera chenicheni chokhala ndi mizu, maluwa ndi njere, chimene makolo ake anali a kumtunda n'kubwerera m'madzi amchere. Chimamera pansi pa madzi osaya m'mphepete mwa nyanja zazikulu zozizira za kumpoto, ku Ulaya, ku North America, ku Japan ndi kum'mawa kwenikweni kwa Russia. Masamba ake ndi aatali, opyapyala ngati maliboni, ndipo mafunde amawakankhira kugombe milumilu. Anthu a pa chilumba cha Læsø ku Denmark ankafolera nawo nyumba, ndipo madenga ena otere akhala zaka mazana osaola. Mukayerekeza ndi udzu wathu wofolera umene umafuna kukonzedwa pakangopita mvula zochepa, muona kuti m'masambawa muli chinachake. Wasayansi wa ku Soviet Union, V. I. Miroshnikov, ndi amene anapatula pekitini wa udzuwu mu 1940 n'kumutcha zosterin. M'zaka za m'ma 1960 Yuri Ovodov ndi Raisa Ovodova ndi anzawo ku Vladivostok, mzinda wa kum'mawa kwa Russia, anafufuza kamangidwe kake, n'kupeza kuti pa chingwe chija palendewera mtundu wina wa shuga wachilendo wotchedwa apiose.

Apiose ndi amene amachititsa kuti pekitini ameneyu atchedwe wosowa. Shuga ameneyu amapezeka pang'ono zedi pafupifupi m'chomera chilichonse, ngakhale m'chimanga chanu, koma kuti achuluke n'kumangidwa mondondozana pa chingwe cha pekitini, zimenezo zimachitika m'zomera zochepa za m'madzi basi. Amakhala ngati minga pa nthambi: timadzi togaya pekitini (ma enzyme), timene tizilombo toolesa zinthu timagwiritsa ntchito, timavutika kufika pa chingwe kuti tidule. Ndiye zosterin sawonongeka msanga ngati pekitini wamba.

Ali ndi m'bale wake wa m'madzi opanda mchere. Mwaonapo timasamba ting'onoting'ono tobiriwira, tochepa kuposa njere ya mphodza, toyandama pamwamba pa damu kapena pa chithaphwi mpaka madzi osaoneka? Ambiri timangoti ndere, koma ndi chomera cha maluwa chotchedwa Lemna, ndipo mitundu yake ina imamera kuno kwathu. Ngakhale sichifanana konse ndi udzu wa m'nyanja uja, akatswiri a zomera amaziika ziwirizi m'gulu limodzi lalikulu. Pekitini wake amatchedwa lemnan, nayenso ali ndi apiose wambiri, ndipo gulu la Ovodov yemwe uja linamufufuza kwambiri atasamukira ku Syktyvkar kumpoto kwa Russia.

Tsono za namasupuni. Ndikumvetsa chimene munaganizira: wadzadza mu Shire, amasokoneza asodzi ndi makina a magetsi, bwanji osapindula naye? Koma namasupuni, amene kwawo ndi ku South America, ndi wa banja lina, ndipo si iye gwero la pekitini wa mtundu uno. Vuto lalikulu ndi lina. Zomera zoyandama zimayamwa zitsulo za m'madzi, n'chifukwa chake namasupuni ndi Lemna amadzalidwa dala m'madamu a zonyansa kuti ayeretse madzi. Mukavuula chomera chotere pamalo osadziwika, n'kuyanika, n'kusinja, mwasonkhanitsa poizoni wa damu lonse mu sipuni imodzi, ndiye mukufuna kumwetsa mwana amene mukumukayikira kale kuti ali ndi mtovu. Kupatula pekitini wake si ntchito ya kukhitchini: masamba amatsukidwa, amaviikidwa mu asidi wochepa mphamvu, amaphikidwa ndi mankhwala otchedwa ammonium oxalate amene ndi oopsa kumwa, kenako pekitiniyo amagwetsedwa ndi sipiriti wa ku labu, n'kutsukidwa, n'kuyezedwa ngati mulibe zitsulo. Zostera naye m'nyanja yathu ya Malawi mulibe, chifukwa amafuna mchere. Wapafupi ndi Zostera capensis wa ku Maputo Bay ku Mozambique ndi m'mathiriro a mitsinje ya ku South Africa, ndipo ameneyo akucheperachepera, pomwe ndi mmene nsomba zing'onozing'ono ndi nkhanu zimakulira. Kumpoto kuja anaona kale mmene udzuwu ungathere: m'zaka za m'ma 1930 matenda anapha pafupifupi 90 pa 100 alionse a udzu umenewu m'mbali mwa nyanja ya Atlantic.

Tibwerere kwa mdzukulu wanu. Akatswiri a ku Vladivostok anasonyeza kuti zosterin amagwira mtovu, mercury ndi zitsulo zina m'mabotolo a mu labu, ndipo anayesanso mapekitini a mtundu wotere pa makoswe. Ku Russia amagulitsidwa ngati chakudya chowonjezera, osati ngati mankhwala ochiza mtovu. Kusiyana kumeneku si nkhani ya mapepala chabe. Mankhwala amayenera kuyesedwa pa odwala ambiri, mlingo wake wa mwana n'kudziwika, kuipa kwake n'kulembedwa. Chakudya chowonjezera sichidutsa m'sefa yotere. Malangizo amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2021 onena za kasamalidwe ka anthu amene ali ndi mtovu m'thupi amatchula kuchotsa gwero la mtovu, kupereka ayironi ndi kashiamu kwa amene akupereŵera, ndi mankhwala apadera okoka mtovu m'magazi. Pekitini mulibemo.

Chifukwa chake chimamveka mukatsatira njira imene pekitini amayenda. Thupi la munthu silimugaya, ndipo chingwe chachitali chija sichidutsa khoma la matumbo kulowa m'magazi. Amadutsa m'mimba ndi m'matumbo aang'ono, n'kukafika m'matumbo aakulu kumene tizilombo tabwino timamudyako, chotsala n'kutuluka ndi chimbudzi. Choncho angakole mtovu umene wakumana nawo m'njira imeneyi, monga wa fumbi limene mwana wameza tsiku lomwelo. Ali ngati ukonde wotchera pa mtsinje umodzi. Koma mtovu wa mwana amene wakulira pa dothi la ku Makululu suli mumtsinjemo. Unalowa kale m'magazi, unafika ku ubongo ndi ku impso, ndipo wambiri unakakhazikika m'mafupa ndi m'mano, kumene thupi limausunga ngati kashiamu. Wa m'magazi umatsika ndi theka pakatha pafupifupi mwezi ngati wina sakulowa, koma wa m'mafupa umakhala zaka makumi, n'kumabwerera m'magazi pang'onopang'ono. Mawu akuti "amakoka mtovu wonse m'thupi" ndi amene ali abodza pa malonda aja.

Otsatsa ena amawonjezera nkhani ya Chernobyl. N'zoona kuti pambuyo pa kuphulika kwa malo opangira magetsi a nyukiliya kumeneko ku Ukraine mu 1986, ana ena ku Belarus ankapatsidwa pekitini pofuna kuchepetsa caesium, chitsulo cha poizoni wa nyukiliya, m'thupi, koma ameneyo anali wa maapozi, ndipo akatswiri anatsutsana kwambiri pa zotsatira zake.

Palinso china chimene chimandidetsa nkhawa. Timbedza tija sitisankha bwinobwino. Timakonda mtovu, inde, koma timakolanso ayironi, zinki ndi kashiamu wa m'chakudya. Mwana wopereŵera ayironi ndi amene matumbo ake amayamwa mtovu kwambiri, chifukwa khomo limene ayironi amalowera ndi lomwelo limene mtovu umazembera, ndipo thupi lanjala ya ayironi limatsegula khomolo kwambiri. Kumwetsa mwana wosadya bwino ufa wotere tsiku ndi tsiku popanda dokotala kungamulande zomwe zikanamuteteza. Pekitini wambiri amachepetsanso mphamvu ya mankhwala ena akamwedwa nthawi imodzi, monga ena a mtima ndi a mafuta a m'magazi. Wamkulu amene amamwa pekitini wamtundu uliwonse azisiyanitsa ndi mapiritsi ake ndi maola angapo. Komanso ufa wobwera pa WhatsApp, wopanda chidindo cha bungwe loona za mankhwala, ndani wauyeza kuti ndi zosterin weniweni?

Nkhawa yanu pa Kabwe njomveka. Mgodi wa mtovu ndi zinki kumeneko unagwira ntchito kuyambira 1906 mpaka 1994, ndipo utsi ndi fumbi lake zinatsalira m'dothi la Kasanda, Makululu, Chowa ndi madera oyandikana nawo. Gulu la John Yabe wa ku University of Zambia ndi anzake a ku Hokkaido ku Japan linayeza ana 246 a m'madera atatu amenewa, zotsatira n'kutuluka mu 2015, ndipo onse anali ndi mtovu wopitirira ma microgram 5 pa desilita imodzi ya magazi. Pa mlingo wa 5 umenewo WHO imati gwero la mtovu lifufuzidwe ndi kutsekedwa. Mwana akafika pa 45 kapena kuposa, madokotala amaganizira zomupatsa mankhwala okoka mtovu monga succimer, amene amalowa m'magazi momwemo, n'kugwira mtovuwo, n'kutuluka nawo mu mkodzo. Popanda nambala imeneyi palibe amene angadziwe chochita, ngakhale dokotala. Kupweteka m'mimba ndi kusafuna kudya kungakhale mtovu, kungakhalenso njoka za m'mimba, kuchepa kwa magazi kapena malungo, ndipo ana ambiri a mtovu wokwera saonetsa chizindikiro chilichonse. Choncho ana onse a m'nyumbamo akayezedwe, osati wodwalayo yekha. Mwana akayamba kusanza kosalekeza, kuwodzera mosadziwika bwino, kuyenda mopepesuka kapena kukomoka, asadikire mawa.

Chimene mwana wanu wamkaziyo angachite kunyumba n'chotopetsa koma ndicho chimagwira ntchito, chifukwa mwana wamng'ono amayamwa mtovu umene wameza kanayi kapena kasanu kuposa wamkulu, ndipo njira yake yaikulu ndi dothi lochoka ku zala kupita kukamwa. M'nyumba asamasese pouma. Azikolopa, ndipo pabwalo aziwaza madzi asanagwire tsache. Nsapato zizitsala pakhomo. Mwana azisamba m'manja ndi sopo asanadye chilichonse, ngakhale chitumbuwa, ndipo zikhadabo ziziwengedwa. Azisewera pa mphasa kapena pa simenti, ndipo pamene pali dothi lapoyera pabwalo pakwiriridwe ndi kapinga kapena miyala. Masamba atsukidwe bwino, madzi akumwa azivundikiridwa. Ngati bambo amagwira ntchito pa mulu wa zotsalira za mgodi, zovala zakuntchito zisalowe m'chipinda cha ana. Mwana asamayambe kusewera m'mimba muli gwa, chifukwa mimba yopanda kanthu imayamwa mtovu kwambiri. Phala la m'mawa lothira nsinjiro n'lofunika kuposa mmene timaganizira. Mukamatumiza katundu ku Kabwe, ikanimo usipa kapena matemba oti adye ndi minga yomwe, nyemba, ndi ufa wanu wa malambe, umene vitamini C wake amathandiza thupi kulandira ayironi. Ndipo mumufunse mwana wanu mwakachetechete, monga mayi ake, ngati ali woyembekezera komanso ngati amadya dothi. Chilakolako chimenechi n'chofala pakati pa amayi apakati, koma ku Kabwe n'choopsa, chifukwa mtovu umadutsa kukafika kwa mwana wosabadwa.

Nanga ntchito zenizeni za pekitini wa m'madziyu ndi ziti? Imene ine ndimaiona yolonjeza kwambiri si ya m'thupi ayi, koma yoyeretsa madzi: timibulu tonga tija ta m'kalasi tingathe kukola zitsulo m'madzi oipa, ndipo pamenepo ukonde uli pa mtsinje woyenera. Akatswiri a mankhwala amachita naye chidwi chifukwa sagayika msanga, choncho angakutire piritsi kuti likatseguke m'matumbo aakulu. Ku Russia amamuikanso m'zodzola ndi m'zakumwa. Zambiri mwa izi zidakali pa mlingo wa kafukufuku kapena wa malonda ang'onoang'ono, ndipo chodulitsa ndi kusowa kwa udzu wake.

Zabwino za pekitini zimene zatsimikizika kwa anthu zinapezeka ndi pekitini wamba, wotchipa. Bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya linavomereza mu 2010 kuti magalamu 6 patsiku amathandiza kuti mafuta a cholesterol akhale pa mlingo wabwino, ndipo magalamu 10 pa chakudya chimodzi amachepetsa kukwera kwa shuga m'magazi munthu akangotha kudya. Ku Bangladesh madokotala anapeza kuti nthochi zaziwisi zophika, kapena pekitini wothira m'phala la mpunga, zinathandiza ana otsegula m'mimba kwa nthawi yaitali kuchira msanga. Ngakhale mabandeji ena omata pa zilonda ali ndi pekitini. Zonsezi sizifuna udzu wa ku Vladivostok.

Pa jamu, zosterin angagwire ndithu popanda shuga wambiri mutathira kashiamu, koma kungakhale kuwononga ndalama. Ngati makasitomala a matenda a shuga akukufunsani jamu wosatsekemera kwambiri, funsani kwa ogulitsa zipangizo za ophika buledi ndi makeke pekitini wolembedwa LM. Ndi wa mandimu yemweyo amene anamuvula zisoti ku fakitale, ndipo amagwira ndi kashiamu. Dziwani kokha kuti shuga ndiye amasunga jamu. Wochepa shuga amachita nkhungu msanga akatsegulidwa, amafuna firiji, ndipo ndi magetsi ozimazimawa ndi bwino kumuika m'timabotolo ting'onoting'ono.

Wa malambe savuta, chifukwa ufa wa malambe uli kale ndi pekitini wambiri ndiponso ndi wowawasa. Wovuta ndi wa papaya, ndipo mankhwala ake ali pa mtengo wa mandimu kuseri kwa nyumba. Sendani khungu lachikasu lapamwamba mutaye, mutenge choyera chofewa cha mkati pamodzi ndi njere, mudule tizidutswa, muviike m'madzi usiku wonse, m'mawa muwiritse pa moto wochepa mpaka zifewe, kenako musefe pa nsalu yoyera. Kuti mudziwe mphamvu yake, tapani sipuni yaing'ono imodzi ya madziwo, muidikire izizire, muithire m'kapu momwe muli masipuni atatu a sipiriti uja wapepo wa m'sitolo, mugwedeze pang'ono n'kudikira mphindi imodzi. Pakapangika chibuma chimodzi cholimba choti n'kuchinyamula ndi foloko, pekitini ndi wokwanira. Pakangooneka tizinyenyeswa toyandama, bwezerani poto pamoto madzi aphwereko. Za m'kapuzo mutaye kutali ndi ana ndipo kapuyo muitsuke, sipiriti ameneyo ndi poizoni. Posankha zipatso, pa mapapaya anayi akupsa muziikapo limodzi longoyamba kumene kupsa.